Mpando Wofulatira Khomo

Malume anali atagwada pakona ya galaja, tepi yoyezera ili m'manja, akutchula manambala mokweza ngati alipo amene wawafunsa.

"Apa kauntala. Apo firiji. Masipika tipachika uko."

Adona anangokwinya mphuno. Dzina limeneli anamupatsa abale ake chifukwa cha mphuno yake yosachedwa kukwinyika, ndipo iye sankadana nalo. Anapitiriza kusanjikiza mipando ya pulasitiki. Nkhata za pamanda a Amayi zinali zisanafote n'komwe, koma mlongo wawo anali atapeza kale poika firiji ya mowa. M'chipinda chomwe malemuwo, namwino wopuma ntchito, ankakumaniramo ndi anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo! Kusowa manyazi kumanenepetsadi munthu.

Komatu nayenso Adona gululo sankalifuna. Zidakwa za Amayi, ndi mmene ankawatchulira. Anthu amenewa anamudyera mayi ake iye akuona. Tsiku lomwe ankalandira digiri, Amayi ananyamuka mwambo uli mkati poti linali Lachinayi, tsiku lokumana gululo. Nanga phindu lake? Ankavuula ana a eni, wawo akumira. Mzime, mlongo wake wa Adona, analowa m'gululo n'kusiya mowa, aliyense n'kumuombera m'manja. Ndiyeno tsiku loika maliro anazemba kumanda dothi lisanathe kukwiriridwa, ndipo mpaka pano anali asanaonekere. Adona anali atamukonzera mawu. Ankawanola m'mawa uliwonse akutsuka mkamwa.

"Kiyi uja undipatse lero," anatero Malume akudzikung'untha mawondo. "Chipinda sichilira maliro."

Kunja kunamveka odi. Adona atasuzumira anatsonya. Linali Lachinayi. A m'gulu lija anali ataima pabwalo ngati anthu odikira basi: makaniko wa zikhadabo zakuda atavula chipewa, mayi wachikulire wosoka zovala amene anzake ankamutchula Atelala, mphunzitsi wochotsedwa ntchito atavala tayi pa malaya ong'ambika kolala, ndi ena angapo oyang'ana pansi.

"Pepani achemwali," anatero makaniko uja. "Tikudziwa kuti muli pachisoni. Timati mwina tikumane komaliza."

"Komaliza chiyani?" Malume anatuluka mimba ili patsogolo. "Mwini wake kulibe. Bwerani mwezi wamawa, mudzapeza ozizira bwino. Ndidzakutsitsirani mtengo ngati anamfedwa anzanga."

Anaseka okha. Kuseka kumeneko n'kumene kunatembenuza mtima wa Adona. Sikuti anawamvera chisoni anthuwo, ayi, koma kuti Malume agone osakondwa.

"Lowani," anatero. "Kiyi akadali kwa ine."

Analowa n'kupasula mipando yonse imene iye anavutika kusanjikiza. Anaiyala mozungulira, palibe wouza mnzake chochita. Atelala anatenga mpando wa khushoni yofwifwa n'kuuika pafupi ndi chitseko, koma chofulatira khomo. Pambali pake anaikapo wina, kenaka anatseka chitsekocho osakhoma. Mahinjesi analira kuti kwiii.

"Zaka zonsezi palibe anaganizako zothira mafuta?" anafunsa Adona, maso ali pa makaniko. "Kapena munawamwa?"

"Ndinabweretsapo. Amayi anandikaniza."

Onse anakhala pansi. Mipando iwiri ija palibe anaiyandikira. Adona sakanasiya anthu oterewa okha m'chipinda momwe munali katundu wa malemu, choncho anadziponya pa mpando wa khushoni, n'kupinda manja. Anaona Atelala akuyang'anizana ndi makaniko.

"Chavuta n'chiyani? Ngwa mfumu?"

"Ayi mwanangu, ndi wa mayi ako. Koma uli ndi lamulo lake," anatero Atelala. "Wokhala pamenepo satembenuka. Chitseko chikalira tili mkati, ndiye kuti wabwera wina amene anagwa. Ife timayang'ana amene akuyankhula, basi. Sitifunsa kuti unali kuti."

"Ndiye mumangomusekerera?"

"Mafunso amabwera akakhala pansi. Mayi ako ankati munthu wakugwa amathawira pakhomo. Akangokumana ndi maso, ngakhale achifundo, amabwerera."

Adona anaseka m'mphuno. Zimenezo ankazidziwa kale, anangozipatsa dzina lokoma. Amayi anali munthu wosatembenuka. Iye ali mtsikana, akafika mochedwa atakonza kale bodza lake, ankawapeza akusita kapena akusenda mbatata, msana uli kukhomo. Osacheuka, osakalipa. Ankangokankha kampando ndi phazi. Iye ankalowa kuchipinda akudziuza kuti mayi amene amakukonda amakukalipira.

Anayamba ndi mphunzitsi uja. Anati tsiku la maliro anaima pakhomo pa bala mpaka miyendo kuwawa, koma sanalowe. Palibe anamuombera m'manja kapena kumulangiza, onse anangoti, "Takumva." Adona anayang'ana kudenga. Ntchito yonse ija inali imeneyi? Kukhala mozungulira n'kumauzana kuti takumva? Bola akanamasenda nyemba, madzulo n'kukhala ndi choloza.

Makaniko anali atangoyamba kufotokoza za mkazi wake amene anabisa mapiritsi a chifuwa kuopa iye, pamene chitseko chinalira kumsana kwa Adona.

Kwiii.

Fungo ndi limene linayamba kulowa: mowa wogona, thukuta, zovala zogonera panja. Kenaka kutsokomola kouma. Katsokomoledwe ka Mzime kameneko akanakazindikira ngakhale pakati pa msika.

Mawu onse aja anakwera kukhosi nthawi imodzi. Wathawa maliro a mayi ako, galu iwe. Wandisiyira ine ndi fisi woyeza makoma. Khosi linamuyabwa, mapewa anayamba okha kupotoloka. Koma kutsogolo kwake palibe diso ndi limodzi lomwe linapita kukhomo. Makaniko anapitiriza nkhani yake. Atelala anagwira m'mphepete mwa mpando mpaka mitsempha kutuluka. Zidakwa zomwe ankazinyoza zija zinkatha kugwira makosi awo, iye wa digiri akulephera. Zinamunyansa.

"Eee, wabwera bwana!" anakuwa Malume ali pabwalo. "Kasitomala wanga woyamba! Tatembenuka tikuone, wamanyazi iwe!"

Adona anamva nsapato ikukhwekhwereza chobwerera m'mbuyo. Chitseko chinaliranso pang'ono. Anadziwa kuti Mzime akatuluka pano, ulendo uno sadzabweranso, ndipo mantha anaposa mkwiyo.

"Malume," anatero osacheuka, maso ali pa makaniko, "tili pa msonkhano. Mudzatenge tepi yanu mawa. Pitirizani bambo, tikukumvani."

Makaniko anapitiriza. Mzime sanalowe, sanatulukenso. Adona ankamumva akupuma, monga mmene Amayi ayenera kuti ankamumvera iyeyo masiku aja, ataima pakhomo ndi bodza lake mkamwa. Kiyi anali atamudinda m'chikhatho.

Anatambasula mwendo, n'kukankha mpando wa pambali pake ndi phazi.