Kanyali ka Mabuleki

Kagalimoto ka Mayi kanali kakang'ono koma kapamwamba, ka mipando yachikopa ndi zitseko zotsekeka mwaulemu ngati munthu wolowa m'tchalitchi mochedwa. Chaka chilichonse kankapita kukayesedwa ngati kali koyenera kuyenda pamsewu, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi sikanalepherepo. Mayi ankauza aliyense zimenezi, ngakhale munthu wongobwera kudzawerenga mita ya madzi. Wokayendetsa zaka zonsezo anali bambo a Mapasa, dalaivala wa imvi, amene ankakapukuta m'mawa uliwonse asanasambe iwo eni.

Chaka chino mtima wa bambo a Mapasa sunali m'malo. Tsiku lina Mayi ananena ali pakhonde, akupukuta magalasi awo: "Anawa akundilowa m'khutu kuti ndikagulitse, ndizingokwera matakisi. Ndawauza kuti tsiku limene kadzalephere kuyesedwa, ndidzawamvera." Sanayang'ane dalaivala wawo, koma mawuwo anafika. Popanda galimoto, dalaivala ngwachiyani? Ndipo ndani angalembe ntchito munthu amene mawondo ake amalira akamakhala pansi?

Ndiye mwa masiku onse a Mulungu, kutatsala atatu okha kuti akayesetse, kanyali kachikasu ka mabuleki kanayaka pa dashibodi. Bambo a Mapasa anazimitsa injini n'kulizanso. Kanali pompo. Anamenya dashibodi ndi chikhatho, mofatsa, n'kupepesa chamumtima. Kanali pompo.

Anathamangira kugalaja ya mlamu wawo, makaniko amene aliyense ankamutcha Sipanala.

"Alamu, chitsulo chake sichipezeka pafupi," anatero Sipanala akupukuta girisi m'manja. "Kuitanitsa, milungu itatu. Koma mabuleki akugwira, eti?"

"Akugwira. Nanga nyaliyi ikunena chiyani?"

"Ikuti mukaponda mwadzidzidzi pamsewu wonyowa, matayala akhoza kuuma gwa, galimoto n'kuyamba kutsetsereka yokha. Koma inu alamu mumayendetsa ngati mwanyamula mazira a eni. Zadzidzidzi mumazidziwa inu?"

Asanayankhe, Sipanala anali atamasula kale galasi la dashibodi. Anadula kachidutswa ka tepi yakuda, kukula kwake ngati chikhadabo, n'kumata pa kanyaliko chakuseri. Atamanga zonse, dashibodi inaoneka yosalakwa.

"Chinthu chimodzi chokha," anatero akutseka chitseko. "Woyesa wochenjera akatembenuza kiyi amawerenga nyali. Zonse zimayenera kuyaka kaye, kenako n'kuzima. Ikasowa imodzi, amadziwa kuti pachitika masewera."

"Ndiye mukundiuza pano mutamanga kale?"

"Mukadafunsa, alamu."

Tsikulo litafika, bambo a Mapasa anaima pamzere kuseri kwa lole ya simenti kuyambira m'mawa. Tiyi anali atamukana kunyumba. Kutsogolo kunali shedi yaitali ya malata, dzenje loonera kunsi kwa galimoto, ndi zitsulo zozungulira zoyesera mabuleki. Mizere inali iwiri. Anapemphera kuti agwere kwa bambo wonenepa wokonda nthabwala, koma tsoka silinunkha. Anagwera kwa mayi wa ovololo yobiriwira amene madalaivala ankamutcha Sefa, chifukwa kwa iye sikudutsa kanthu. Pamaso pawo pomwe Sefa anabweza lole ija chifukwa cha galasi lam'mbali long'aluka pang'ono.

"Bweretsani, bambo."

Mantha anawagwira, mpaka anaiwala kumasula handibuleki. Sefa anawalozera handibulekiyo ndi chala. Anayesa nyali zakutsogolo, hutala, mawaipa. Anapima matayala ndi kachitsulo kake. Pa zitsulo zozungulira zija mabuleki anagwira bwino lomwe, ndipo bambo a Mapasa anapuma pang'ono.

"Tulukani, ndikhalepo ine."

Sefa anakhala pampando, n'kuzimitsa injini. Bambo a Mapasa anaima pambali, chipewa chili m'manja, thukuta likutsika kumsana. Ankaona zala zija zikugwira kiyi. Kiyi anatembenuka, nyali zinayaka mbuu, ndipo pakona yakumanzere, pamene panayenera kukhala yachikasu, panali bii.

"Anzathu, tochi ija ili kwa inu?" anafuula woyesa wina ali m'dzenje.

Sefa anacheuka n'kumuponyera tochi. Pobweza maso, nyali zonse zinali zitazima. Dzanja lake linakhalabe pa kiyi, ngati akufuna kuyambiranso. Kenako Sefa anasisita chiwongolero.

"Timagalimoto iti sitivuta ayi," anatero. "Tikadakhala tonse ngati aka, bwenzi ndikuweruka masana. Mumakasamala, bambo."

Anadinda pepala. Iwo anathokoza kawiri.

Pobwerera mvula inayamba, ndipo anayenda pang'onopang'ono mpaka oyendetsa anzawo kuwaimbira mahutala. Koma ntchito inali yapulumuka. Analowa pageti akuganiza za mmene akauzire mayi a Mapasa, ndi zoti chitsulo chija achiitanitse mwakachetechete.

Mayi analandira pepala ali pabalaza, nkhope ili mwee. "Sindinanene? Kakhumi aka! Anawo akagwere uko ndi matakisi awo." Pampando wina panali mwana wawo wotsiriza, namwino, akuyamwitsa khanda la miyezi iwiri.

"Ndiye poti kapambana, mtima wanga wakhala pansi," anapitiriza Mayi. "Mawa mwana wangayu atenga kagalimotoka, akaonetse mwana kwa apongozi ake kumapiri kuja. Akuti ayendetsa yekha. Inu mupumuleko masiku atatu, mwatopa."

"Musade nkhawa, ankolo," anaseka namwinoyo. "Si ndinu munandiphunzitsa?"

Analidi iwo, ndipo phazi lake ankalidziwa bwino. Linkaponda buleki ngati likupha mphemvu. Msewu wakumapiriwo ankaudziwanso, makona ake ndi maphedi ake. Kunja mvula inali kukulirakulira padenga.

"Bwanji ndimuperekeze ine, Mayi?"

"Iyayi, ankolo, mpando wakutsogolo ukhala ndi katundu, kumbuyo kuli mwana ndi mlezi. Mukhala pati?"

Anayang'ana khanda lija. Linali litasiya kuyamwa, likugona kukamwa kuli yasa. Anaganiza za mayi a Mapasa, za mawondo awo, za m'mawa wopanda kopita. Kenako anatembenukira kwa Mayi.

"Mayi, galimoto ija isapite."

"Chifukwa? Pepala si ili?"

"Pepalalo ndi lenileni. Wabodza ndine. Mabuleki ali ndi vuto, ndipo nyali yake ndinaimata tepi."

Mayi anavula magalasi pang'onopang'ono. Anawayang'ana, kenako anayang'ana mdzukulu wawo.

"Zikomo pondiuza," anatero motsitsa mawu. "Makiyi musiye patebulopo."