Kalongonda wa Mkulu Larsen

Mkulu Larsen anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndevu zisanayambe n'komwe kuganiza zomera. Ukulu wakewo unali wa pa kachikwangwani kakuda kopachika pathumba la malaya, chifukwa mumpingo wawo, umene anthu a pa Migowi amangoti wa Amomoni, mnyamata aliyense akatumidwa kukalalikira kudziko la eni amatchedwa Mkulu. Iyeyu anachokera ku Amereka, kudera la alimi lotchedwa Idaho. Mnzake wa utumiki anali Mkulu Kabongo wa ku Lubumbashi, munthu wa mawu ochepa ndi nsapato zowala. Lamulo lawo linali lakuti awiriwa asasiyane. Kumene wapita wina, winanso apite komweko, ndipo akatalikirana aziwonanabe ndi kumvana. Tiyi samamwa, khofi samamwa, mowa ndiye sankautchula n'komwe.

Mwa anthu onse amene ankawayendera, amene Larsen ankawatchula kwambiri m'mapemphero anali a Stafford, mlimi wa nandolo wa kuseri kwa msika. A Stafford anali atamwa kachasu zaka makumi awiri mokhulupirika, kuposa mmene ena amapitira kutchalitchi. Tsopano anali atatha milungu itatu osalawa ngakhale dontho. Koma Lachinayi linali tsiku lokagulitsa nandolo, ndipo njira yochokera pamsika kupita kwawo inali imodzi yokha, yodutsa pakhomo pa a Belita, pamene amatcheza kachasu.

"Ndikakhala wopanda kanthu m'thumba, ndimadutsapo ngati mngelo," a Stafford anawauza anyamatawo atakhala pakhonde pawo. "Koma m'thumba mukalemera, miyendo yangayi imakhota yokha. Mudzandiperekeze, a Mkulu. Mudzangondidutsitsa pamenepo basi."

"Tidzakupezani pasikelo yogulitsira nandolo nthawi ya 3 koloko," anatero Larsen. "Ngakhale kugwe mvula ya matalala."

Akutsanzika, mayi Mervis, akazi a Stafford, anatuluka ndi jumbo yodzaza ndi zinthu zooneka ngati nyemba zikuluzikulu.

"Uyu ndi kalongonda, chakudya chathu cha Alomwe," anatero. "Koma mumve bwino, ana anga. Mumuwiritse kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Madzi akada, mutaye, muthire ena. Akadanso, mutayenso. Kalongonda sakhululukira munthu wothamanga."

Larsen anamva mawu aliwonse, pakuti Chichewa anali atachigwira bwino ndithu. Vuto linali lakuti bambo ake ku Idaho amalima nyemba, agogo akenso ankalima nyemba, ndipo mumtima mwake anali wotsimikiza kuti pansi pa thambo palibe nyemba imene ingamuphunzitse kanthu. Komanso m'nyumba yawo ya lendi munali mphika umene anasiya atumiki akale, wa chivindikiro chokhoma, wotsekera nthunzi mkati, umene umafewetsa nyemba zouma munthu asanathe kuchapa malaya awiri.

Lachinayi anadzuka hafu sikisi monga mwa masiku onse. Anapemphera, Larsen anathamanga kuzungulira bwalo la nyumba Kabongo akumuyang'anira pakhonde, anawerenga malemba, kenako Larsen anatereka mphika uja. Unalira ngati sitima kwa mphindi makumi anayi. Atautsegula, kalongonda anali wofewa bwinobwino, akusambira m'madzi akuda bii ngati oyilo wotha ntchito wa m'chigayo.

"Mayi aja anati madzi titaye," anatero Kabongo. Awiriwa anapangana zolankhula Chichewa chokhachokha, ndi m'nyumba momwe.

"Mayi anga amati mphamvu yonse ya nyemba imakhala mumsuzi," anayankha Larsen, akuthira mchere ndi tomato.

Kabongo anasuzumira mumphikamo kwa kanthawi, n'kukatenga buledi ndi chiponde. Larsen anadalitsa chakudya, anadya mbale ziwiri, msuzi wotsala n'kuupungulira m'kapu. Anati ukuwawira pang'ono, koma zinthu zambiri zothandiza thupi zimawawira.

Cha m'ma 2 koloko, akumanga tayi, anaona kuti galasi likumuthawa. Anagwira khoma, khomalo n'kupendekeka. Atasuzumira pawindo anapeza phiri la Michesi, limene Mulungu analikhazika pamalo amodzi chilengedwere dziko, likuyenda pang'onopang'ono kulowera ku Chiringa. Zimenezi zinamuseketsa kwambiri. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenako mseru unabwera, thukuta n'kutuluka.

"Wadwala," anatero Kabongo. "Gona. Lero sitipita."

Mawu amenewo anamubaya Larsen pamtima, ngakhale mutu unali kuzungulira. M'maganizo mwake anaona a Stafford ataima okha pasikelo, dzanja lili pathumba, akuyang'ana kumsewu.

"Pita iweyo," anatero. Kenako anakumbukira lamulo. Kabongo sakanatha kupita yekha, ndipo sakanatha kumusiya yekha. Apite onse kapena atsale onse.

"Tinalonjeza, Kabongo. Ndidzutse."

Njinga anaiyesa, koma anakwerera mbali iyi n'kutsikira mbali inayo. Ananyamuka wapansi, Kabongo atamugwira pachigongono. Pofuna kulimbitsa mtima, Larsen anayamba nyimbo ya kutchalitchi, ija ya ulendo wa oyera mtima, koma anaiyambira pamwamba kwambiri moti agalu awiri anamuthandiza. Pafupi ndi pokwerera maminibasi anaima n'kupereka moni waulemu wonse kwa mbuzi yomangidwa pamtengo, ndipo anadikira yankho. Amayi ogulitsa tomato anasiya kuitana malonda. Kondakitala wina anatulutsa mutu pawindo.

"Eee! Abusa ayamba molawirira lero!"

Larsen anamva, ndipo manyazi anamugwira mpaka m'makutu. Moyo wake wonse sanalaweko mowa, ndipo lero Migowi yonse inali kumuona akudzandira ndi dzina la mpingo pachifuwa. Anapemphera chamumtima kuti Ambuye awongole msewu, poti miyendo yake inali itakana kuwongoka.

Anyamatawo anawapeza a Stafford pasikelo, nandolo atagulitsa kale, matumba opanda kanthu atawamangirira panjinga. Dzanja linalidi pathumba. Ataona mayendedwe a Larsen, nkhope yawo inagwa.

"Inunso, a Mkulu?"

"Sindinamwe, bambo," anatero Larsen, akugwira mzati wa sikelo. "Ndikulumbira. Kungoti dziko lapendekeka."

"Tonse timatero."

Komabe a Stafford anayandikira, n'kumuuza kuti apume. Ananunkhiza kamodzi, ananunkhizanso, ngati dokotala wodziwa ntchito yake.

"Kachasu ayi. Masese ayi. Za m'mabotolo ayinso. Mwadya chiyani?"

"Kalongonda," anayankha Kabongo.

"Wa maola angati?"

"Mphindi makumi anayi. Ndi msuzi womwe."

A Stafford anavula chipewa monga amachitira anthu pamaliro. Kenako anachivalanso, anayala matumba aja pakaliyala, n'kumunyamula Larsen ngati thumba la chimanga. Anamukhazika pamenepo, namumanga m'chiuno ndi legeni kuti asaterereke. Dzanja limodzi linagwira handulo, linalo linazungulira mapewa a mnyamatayo. Kabongo ankabwera pambuyo ndi chikwama cha mabuku. Umu ndi mmene amene anabwera kudzaperekeza munthu anayambira ulendo ali katundu.

Fungo la kwa a Belita linawachingamira asanafike n'komwe. Pansi pa mtengo wa mango panali mabenchi atatu ndi amuna okwana khumi, ambiri a iwo atagulitsanso nandolo tsiku lomwelo. Woyamba kuwaona anali Jairos, mlamu wa a Stafford, amene anamwa nawo limodzi zaka zonse zija. Anaimirira ndi kapu m'manja, pakamwa pali yasa.

"Anthuni, bwerani mudzaone! Uja amatiletsa uja, lero akubwera pakaliyala!"

Mabenchi onse anagwa ndi phwete. Wina anaomba m'manja, wina anafunsa kuti mzunguyo wamwera kuti, poti mowa wamphamvu chotero nawonso akuufuna.

"Alamu, ndiye mwapeza mphunzitsi weniweni," anatero Jairos, akutsekereza njira. "Milungu itatu kutithawa ife, osadziwa kuti mukumwera kutchalitchi!"

"Mwanayu sanamwe," anatero a Stafford. "Wadya kalongonda wosapsa."

"Inenso ndadya kalongonda, alamu! Tonse pano tadya kalongonda!"

A Belita anatuluka akupukuta manja pachitenje. Iwo sanaseke. Anamuyang'ana Larsen ndi chisoni cha mayi.

"Mutsitseni mwanayo, a Stafford, dzuwa likumupweteka. Mugonekeni pabenchi apa, amwe madzi. Inunso mupumeko."

Anali mawu abwino, onenedwa ndi mtima wabwino, ndipo njinga inaima. Larsen ankaona zinthu ziwiriziwiri, koma zina anaziona bwino. Anaona kapu ya Jairos ili pafupi ndi mphuno ya a Stafford. Anaona kholingo la a Stafford likukwera ndi kutsika. Anamvanso dzanja limene linamugwira mapewa likufooka.

"A Mkulu," anatero a Stafford motsitsa mawu, maso ali pakapu, "dzina lanu likuipa. Ndikhale pansi pang'ono chabe, ndiwafotokozere bwinobwino. Mphindi zisanu."

Larsen analifunadi dzina lake. Anaganiza za amayi a tomato aja, za makomo amene mawa adzatsekedwa akagogoda, za mkulu wa mishoni ku Lilongwe akamva nkhaniyi. Benchi nayonso inkaoneka yokoma ngati bedi la kwawo. Anasonkhanitsa Chichewa chonse chimene chinatsala m'mutu mwake.

"Musaime, bambo. Asiyeni anene. Ndaledzera, chabwino, ndaledzera kwambiri. Ndiperekezeni kunyumba."

"Mwamva!" anakuwa Jairos. "Waulula yekha!"

A Stafford anamuyang'ana mnyamatayo, wotuwa ngati ufa, tayi itapita kumsana, akugwedezeka pakaliyala. Jairos anakankhira kapu ija pafupi.

"Kamodzi kokha, alamu. Kotsukira fumbi kukhosi."

"Ndiilandira ndi chiyani?" anatero a Stafford. "Sukuona manja onse ali pantchito? Ndikasiya ili, njinga igwa. Ndikasiya ili, mlendo agwa. Tapatuka."

Anakankha njinga mwamphamvu moti Jairos analumphira kumbali, theka la kachasu n'kutayikira pansi. Kuseka kunawatsatira mpaka pamlatho wa matabwa. Larsen anayambanso nyimbo yake, Kabongo anathira besi kuti mnzake asachite manyazi yekha, ndipo a Stafford, amene mawu ake sankawadziwa, ankangong'ung'udza. Atangowoloka mlathowo, kalongonda yense anabwerera njira imene analowera, ndipo mbali yaikulu inatera pansapato za Kabongo. Kabongo anayang'ana kumwamba, milomo ikugwedera, koma zimene anauza Mlengi wake sizinamveke.

Mayi Mervis anali ataima pakhomo kuyambira masana, akuyang'ana kunjira. Ataona amuna awo akubwera dzuwa likadalipo, sanafunse za mlendo womangidwa panjingayo. Anapita molunjika kwa a Stafford.

"Tapumani."

A Stafford anapuma. Mayi Mervis ananunkhiza, anabwerera pang'ono, n'kununkhizanso. Kenako anatembenuka msangamsanga n'kuyamba kumasula legeni, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje ngati mwalowa kachitsotso.

Atamva zimene zinachitika, anamukalipira Larsen m'Chichewa, Chichewa chitatha anapitiriza m'Chilomwe, uku akumuyalira mkeka pamthunzi wa mtengo ndi kumumwetsa madzi ambirimbiri. Kabongo anaimbira foni namwino wa mishoni, amene anati amuyang'anire, ndipo zikapitirira apite naye kuchipatala. Atatha kuyimba anakhala pamwala poti azimuona mnzake, n'kuyamba kutsuka nsapato.

Larsen anagona pafupifupi ola lathunthu. Atatsegula maso, mtengo unali utaima malo amodzi, ndipo a Stafford anali atakhala pambali pake akumuingitsira ntchentche ndi chipewa.

"Bambo," anatero mwa mantha, "tadutsa?"

"Tadutsa kalekale, a Mkulu."

"Simunalowe?"

"Ndikanalowa bwanji ndi katundu wolemera chonchi?"

Larsen anatseka maso n'kuthokoza Mulungu, amene amatha kugwiritsa ntchito ngakhale chitsiru chosamva malangizo.

"Koma ndikuuzeni ziwiri," anapitiriza a Stafford. "Choyamba, mawa mutu udzawawa ngati muli akalipentala mkati. Musadzadabwe, mudzamwe madzi, mudzadye phala. Zimenezi ndiye mphunzitsi ndine. Chachiwiri, pofika mawa Migowi yonse ikhala itamva kuti ndinu chidakwa. Mervis awauza za kalongonda, koma akhulupirira ndi ochepa."

"Nditani ndiye?"

"Palibe. Zimapweteka masiku oyamba okha." A Stafford anamusisita paphewa. "Lamlungu mudzandisungire malo. Tidzakhale benchi imodzi, anthu aone kuti tonse awiri tasiya."