Febby Abalalitsa Msonkhano

Barbara Zulu wa ku Kabwata anali ndi mwana mmodzi, Febby, wa zaka zisanu, amene sankayang'ana munthu m'maso. Ukamuitana, ankakhala ngati sanamve. Ukamugwira paphewa, ankakuwa mpaka agalu a oyandikana nawo kuyankha. Koma makutu ake anali akuba. Chilichonse chomveka mumsewu ankachitola n'kuchibwereza ndi mawu a mwiniwake: wogulitsa makala, kondakitala wa basi, ngakhale chifuwa cha atate ake.

Kukiliniki anati mwanayo si wogontha, kungoti ana ena amabadwa otero, phokoso ndi khamu la anthu zimawapweteka. Apongozi ankati ndi mizimu. Barbara chimene chinkamuwawa chinali china: mawu onsewo anali obwereka, ndipo sankadziwa ngati mwanayo ali ndi chake choti anene.

Zinali zaka za chipani chimodzi, pamene mafuta ophikira, omwe aliyense ankawatcha saladi, ankasowa koopsa. Rukiya, mayi wa nyumba yakuseri, ndiye ankayamba kumva akafika kusitolo ya boma, ndipo akafuula, anthu ankasiya ndiwo zikupserera pamoto.

Loweruka lina Bana Chibesa, wapampando wa amayi a chipani m'deralo, analamula kuti msonkhano uchitikire kwa Barbara. Munthu wotere sankakanidwa. Amayi anadzaza pabalaza ndi zitenje zawo, nyimbo, m'manja, nthungululu. Febby anathawira pansi pa tebulo, atatseka makutu, akudzigwedeza.

Bana Chibesa anawerama n'kumukoka mwendo. "Shani, uli bwanji kamwana? Bwela upeleke moni!"

"Musiyeni, ba Cheya," anatero Barbara. "Sakonda kumugwila."

"Iwe ndiwe umuononga. Nipase ine wiki imozi chabe, azakamba bwino."

Febby anapulumuka n'kukwawira kukhitchini. Nyimbo inayambiranso. Isanafike pakati, mawu akuthwa a Rukiya anamveka kuseri kwa nyumba:

"Saladi! Saladi yabwela! Endesani, tamangani, izasila!"

Nyimbo inafera m'kamwa. Amayi anadzuka onse pamodzi. Bana Chibesa, amene anali atangophunzitsa kumene za kudekha pamzere, anakankha anzawo ndi zigongono, nakanirira pakhomo ndi msungichuma, kenako anafwamphuka kusiya nsapato imodzi.

Nayenso Barbara anathamangira botolo kukhitchini. Ali m'kati motsegula chitseko chakuseri anakumbuka kuti Rukiya anali ku Chipata kumaliro. Panja panali Febby yekha, ataimirira pa ndowa yovundikira pansi pa windo.

Mwanayo anatsika mosafulumira, nadutsa mayi ake, nalowa pabalaza popanda munthu. Anakwera pampando wa wapampando, anapuma mozama, nayamba kudya zitumbuwa za alendo.

Barbara anaima ndi botolo m'manja. Pa mawu onse amene mwanayu anasunga, anasankha okhawo otulutsa anthu m'nyumba. Anachita kufuna! Barbara anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, osadziwanso ngati akuseka kapena akulira. Febby sanamuyang'ane, koma anakankhira mbale ya zitumbuwayo kumbali kwa mayi ake pang'ono.

Amayi anabwerako ali thukuta kamukamu, mabotolo opanda kanthu. Febby anali atalowa kuchipinda.

"Nindani wanama boza?" anafunsa Bana Chibesa, akuvala nsapato yawo.

"Kaya, ba Cheya," anayankha Barbara, maso ali pansi.

Kuchipinda kunamveka mawu a Bana Chibesa enieni, onenepa ndi olamula: "Nipase ine wiki imozi chabe!"

Msungichuma anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Wina anatsokomola mwadala. Bana Chibesa anayang'ana chitseko cha kuchipinda nthawi yaitali, kenako analengeza kuti nyumbayi ndi yopanikiza, ndipo misonkhano yonse izichitikira kusukulu.

Barbara anawaperekeza mpaka pageti ndi nkhope yachisoni, akupepesa aliyense. Anaigwira nkhopeyo mpaka womaliza atakhota pakona.