Makandulo Osazimitsa

Mwamuna wanga Gidiyoni ndi Myuda. Anabwera ku Golomoti kudzayala mapaipi othirira pa famu ina, ntchito inatha, iye n'kutsalira ine. Ine ndine Veronika, Mkatolika wobatizidwa ku Mua, ndipo sanandiuzepo kuti ndisiye mpingo wanga. Anangopempha chimodzi: mwana wathu Ida aziyatsa makandulo awiri Lachisanu lililonse dzuwa lisanalowe, polandira Sabata, monga ankachitira malemu mayi ake a Gidiyoni.

Ida, wa zaka zisanu ndi ziwiri, analibe nazo ntchito. Nthawi imeneyo ndi yomwe fulaye amakoma. Bambo ake ankamunyengerera ndi masiwiti, kumuimbira tinyimbo takwawo, mpaka kumugulira kampango koyera. Mwana ankadya masiwitiwo n'kuliyatsa liwiro. Ine kunyengerera sindikudziwa. Ndinakula ndi kuopsezedwa, ndiye ndinati ndimuthandize mwamuna wanga mwanjira yakwathu.

"Tamvera iwe," ndinamuuza Ida tsiku lina bambo ake kulibe. "Makandulo amenewa ndi a Mulungu wa adadi ako. Ukapanda kuyatsa, akwiya. Ndipo moto wa pa Sabata sazimitsa. Ukadzangozimitsa, adadi ako afa."

Zosazimitsazo ndinazimva kwa Gidiyoni. Za imfazo ndinathira ndekha ngati mchere. Ndipo zinagwira. Lachisanu likafika, Ida ankasiya mpira yekha, kusamba, kuvala kampango kake. Gidiyoni ankagwetsa misozi poona mwana akuphimba maso ndi timanja take n'kunena dalitso la Sabata. Ine ndinkangoti laponda lamphawi.

Lachisanu lina mu Okutobala, Gidiyoni anachedwa ku Lilongwe komwe anakagula zipangizo za pampu. Kunatentha koopsa, mazenera onse anali otsekula. Ida atayatsa makandulo, ndinathamangira kumjigo ndi mnzanga Fatima, woyandikana naye nyumba. Tikubwerera, Fatima anaima.

"Amake Ida, utsi uwo si wa kwanu?"

Ndowa yanga sindikudziwa pomwe inagwera. Ndinathamanga ndikuitana dzina la mwana, osayankhidwa. Nditalowa ndinapeza mphepo yakankhira katani pa kandulo. Moto unali utakwera mpaka kudenga, nsalu ya patebulo ikuyaka. Ida anali chiimire pomwepo, akutsokomola, ndipo beseni la madzi linali pafupi ndi phazi lake.

Nditati ndinyamule beseni, mwana anandidumphira n'kundikakamira mkono.

"Musazimitse amayi! Adadi afa! Chonde musazimitse!"

Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinamukoka, iye n'kundiluma, n'kubwerera kukaima kutsogolo kwa motowo manja atatambasula. Kampango kake kanagwira moto. Ndinakang'amba kumutu kwake ndi manja anga, Fatima n'kukhuthula ndowa yake yonse. Anthu anafika ndi madzi ena ndi mchenga. Moto utazima, Ida analira mokuwa ngati pamaliro.

Kuchipatala anamumanga bandeji pakhosi ndi paphewa. Mabala sankawalirira. Ankangoyang'ana pakhomo, akufunsa kuti, "Afa kale?" Ndinamuuza kuti ndinanama, koma sanandikhulupirire. Ndinaimba foni ya Gidiyoni kasanu, yosapezeka. Pamenepo nanenso, mwini bodza, ndinayamba kuopa kuti mwina pamsewu pachitika kanthu.

Kenako Gidiyoni analowa, fumbi lili mbuu. Ida anamugwira kumaso, kumukoka ndevu.

"Simunafe? Amayi ndi aFatima azimitsa. Ine ndinawaletsa."

Gidiyoni anagwada pafupi ndi bedi. "Mwana wanga, lamulo lathu lomwelo limati moyo wa munthu umaposa Sabata. Moto ukafuna kupha munthu, timazimitsa, osadikira. Palibe amene amafa chifukwa cha kandulo." Anamugwira dzanja. "Anakuuza zimenezo ndani?"

Ida anangotembenuza khosi lake lomangidwalo pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana.