Anatipatsa Mchenga

Mapu a boma anawamata Lolemba m'mawa pakhoma la shedi yogulitsira ayezi, pakati pa chikalata cha katemera wa agalu ndi cha munthu wina wotsatsa injini yakufa. A Mapewa anapeza asodzi anzawo ataunjikana kale. Dzina limeneli anapatsidwa ali mnyamata chifukwa cha kupalasa, ndipo ngakhale mapewawo tsopano anali atagwa, anthu ankawapatukirabe. Anafika kutsogolo n'kutsinzina diso limodzi.

Chigawo china cha nyanja chinali chopakidwa buluu. Pansi pake analemba kuti amenewo ndi malo a mabwato ang'onoang'ono, sitima isayerekeze kufikako. Kwina konse, kuyambira pa 1 mwezi wamawa, sitima za makampani zinali zololedwa kukoka makoka awo.

Buluu uja anali pamchenga. Mchenga wokhawokha, abale inu, poti ungatchere ukonde mpaka kumera imvi osakola ngakhale nkhanu! Kumiyala ya pansi pa nyanja, kumene a Mapewa ankapha nsomba zolerera ana awo asanu, pamapu panali poyera ngati mbale yotsuka.

"Ophunzira awa!" wina anakuwa. "Nsomba amaziwonera m'buku!"

Anthu anatukwana boma, anatukwana masukulu, wina analavulira mapu. A Mapewa sanatukwane nawo. Mchenga umenewo anauloza ndi chala chawo chomwe.

Chaka chatha kunabwera mayi wakafukufuku, wochepa thupi, wa nsapato zamphira, amene ankasanza m'bwato koma osasiya kulemba. Anakhala sabata ziwiri m'kachipinda ka kuseri kwa shedi, akuitana asodzi mmodzimmodzi. Patebulo panali mapu ndi pensulo.

"Bambo, ndilozereni pomwe mumapha nsomba zambiri," anatero. "Boma likufuna likusungireni malowo."

Tsono ndi msodzi uti anayankhapo funso limenelo moona? Kumiyalako aliyense ali ndi mwala wake pansi pa madzi, ndipo sauza ngakhale mkazi wake. A Mapewa mwala wawo anawasonyeza ndi bambo awo, maso atayamba kale kuchita khungu: ulunjikitse thanki ya madzi ndi mpata wa phiri, upalase mpaka chumuni cha fakitale yakale chibisale kuseri kwa mtengo waukulu, basi wafika. Mlendo akafunsa, yankho la padoko ndi limodzi. Wogula nsomba akafunsa, kumchenga. Apolisi apanyanja akafunsa, kumchenga. Ndiye auze boma, lomwe linalonjeza injini zotsika mtengo n'kubweretsa zipewa zolembedwa? A Mapewa anamwetulira mwaulemu, n'kuika chala pamchenga.

Masana a Lolembalo a Mapewa anapeza mlamu wawo akusoka ukonde pansi pa bwato lovundikira. Anakhala pansi osalonjera.

"Alamu, mayi uja munamulozera pati?"

Singano inaima. "Inuyo munamulozera pati?"

Anayang'anizana, kenaka mlamuyo anaseka kuseka koipa, kopanda mawu. "Ndiye tonse. Tadziphera tokha ana."

Lachitatu anakwera basi awiriwo kupita ku ofesi ya zansomba. Anadikira pabenchi maola atatu, moyang'anizana ndi kabati yagalasi momwe munali nsomba zoviikidwa m'mabotolo, zotuwa, maso ali tong'o. Mlamu anati zimenezo ndiye nsomba zokhazo zomwe boma lakwanitsa kusunga. A Mapewa sanaseke.

Mayi wakafukufuku anawazindikira msanga, ndipo anakondwa. Zimenezi n'zomwe zinawapweteka kwambiri. Anawakokera mipando yekha, akufotokoza momwe anamenyera nkhondo malo aja m'misonkhano, akuluakulu akumunyoza kuti wasanduka loya wa mabwato.

"Mayi," a Mapewa anamudula, chipewa chili m'manja, "malo mwatipatsawo mulibe nsomba."

Mayiyo anatsegula fayilo. "Ndinafunsa asodzi makumi anayi ndi mmodzi, aliyense payekha, chitseko chotseka. Makumi atatu ndi asanu ndi atatu analoza malo amodzi. Kuntchito kwathu umenewo timati umboni wamphamvu, bambo."

"Nanga simunayeze nokha? Si muli ndi bwato lanu la makina?"

"Lili pamtunda chaka chachinayi, likudikira sipeya. Ndikanayeza ndi chiyani? Ndinadalira inu."

Kunja wina ankamenya chidindo pamapepala, pha, pha.

"Tinanama," a Mapewa anatero. Mawuwo anatuluka mowawa ngati mankhwala obwerera kukhosi. "Tonse. Bweretsani mapu ndikulozereni penipeni."

Mlamu anawagwira mkono. "Alamu!"

"Ndisiyeni. Ndibisirenjinso?"

Mayi anayala mapu. A Mapewa anafufuza thanki ya madzi, anapeza phiri, anayendetsa chala pang'onopang'ono kulowa m'nyanja. Zaka makumi atatu sanauzepo munthu, ndipo anamva manyazi ngati akuvula pagulu. Anakhazika chalacho pamalopo.

"Apa. Ndi apa ponse mpaka uku, ndi pa anzangawa."

Mayiyo anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anadzuka, anatulutsa pepala lina m'kabati n'kuliika pambali pa chalacho. Panali mapu omwewo, koma pamiyala panali pozunguliridwa ndi mzere wofiira, ndendende, osaphonya ngakhale mwala umodzi.

"Iyi ndi kalata ya kampani yopempha malo. Inafika ndisanabwere n'komwe kwanu kuja. Sitima zawo zili ndi makina oonera pansi pa madzi, miyala yanuyo akuidziwa kalekale." Analoza mzere wofiirawo. "Lamulo limati malo ngati alipo asodzi ang'onoang'ono owagwiritsa ntchito, kampani isapatsidwe. N'chifukwa chake ndinabwera kudzakufunsani. Sankandilola kutchula za kalatayi. Ndinabwerako n'kulemba kuti palibe."

A Mapewa anachotsa chala chawo. Ndiye kuti chinsinsi cha bambo awo chinali pa kompyuta ya munthu wina, ndipo pa dziko lonse anabisira munthu mmodzi yekha, amene akanawateteza.

"Sizingasinthike?" mlamu anafunsa, mawu atachepa.

"Chilolezo anasainira zaka zisanu. Ndilemba lipoti, koma ndisakunamizeni." Maso a mayiyo anali atafiira, ndipo tsopano ukali unamugwira. "Ndinakupemphani! Aliyense ndinamufunsa kawiri!"

"Munatifunsa," a Mapewa anavomera. "Koma ofesi ino inatiuzapo zoona liti, kuti ife tiyambire pamenepo?"

Potuluka, kalaliki wapakhomo anawapatsa fomu aliyense: boma likuthandiza asodzi okhudzidwa powapatsa maphunziro a masiku atatu oweta akalulu. Mlamu anafunsa ngati akaluluwo amadya mchenga. Kalalikiyo anati zimenezo akafunse kwa aphunzitsi.

Kunyumba mkazi wawo anamvetsera nkhani yonse akuchapa, osatukula mutu. Atamaliza anafinya malaya, nati, "Ine munandibisira mwalawo zaka zonsezi, ndinkati n'chifukwa ndine mkazi. Kani munkabisa ndi mpunga womwe wa ana." Anakayanika zovala.

Pa 1 sitima zinafika ziwiri. Zinkayenda mofatsa pamwamba pa miyala, kupita ndi kubwerera ngati thalakitala m'munda, kumbuyo kwake madzi atasanduka matope. Mnyamata wina wamakani analondolera bwato lake komweko, anabwerako ukonde utadulidwa pakati, apolisi apanyanja atamulemba dzina.

Mawa lake mabwato onse analowera kumchenga, kumalo awo a lamulo. Anali makumi anayi, oyandikana moti nkhafi zinkagundana, anthu amene moyo wawo wonse ankazembana panyanja. Panalibe nthabwala, panalibe woyang'ana mnzake. Kutali uko injini za sitima zinkamveka bwinobwino.

Dzuwa litakwera a Mapewa anayamba kukoka ukonde. Unkabwera mopepuka, dzanja ndi dzanja, woyera ngati auchapa. Anaupinda bwino m'bwato. Mlamu wawo anaitana ali m'bwato lake, "Alamu, tizipita?"

"Tipite kuti?" anatero a Mapewa, n'kuyambanso kuuponya.