Ruqaiya Sanali Wamwano

A Lajabu anaika kapu ya tiyi pamkeka n'kuyang'ana mwana wawo wamkazi amene ankasesa pabwalo atawafulatira.

"Ruqaiya!"

Mwanayo anapitiriza kusesa.

"Iwe Ruqaiya!"

Anatembenuka pokhapokha mayi ake, a Rabia, atamugwira paphewa.

"Mwaonatu, amake Ruqaiya? Mwano womwewu ndi umene ukumulepheretsa kusukulu," anatero a Lajabu.

Banjali linkakhala kufupi ndi Mbulumbuzi, m'boma la Chiradzulu. A Lajabu ankagula nandolo kwa alimi n'kukagulitsa ku Limbe, ndipo a Rabia ankalima munda wawo. Pakhomopa panali mtendere, chakudya sichinkasowa. Chomwe chinkawadetsa nkhawa chinali chimodzi: Ruqaiya, wa zaka zisanu ndi zinayi, ankabwereza Sitandade 2, komabe sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi.

"Chaka chino kusukuluko abweretsa matabuleti," anapitiriza a Lajabu. "Ana angokhalira kudinadina ngati akusewera gemu. Ife tinaphunzira kulemba ndi chala pamchenga, koma tinadziwa. Teremu ino ikatha, asiye sukulu. Azikuthandizani kupeta nandolo."

"Bambo a Ruqaiya, mwana wamng'ono chonchi asiye sukulu?" anafunsa a Rabia mofatsa. "Dzulo madamu ake atumiza uthenga pafoni kuti tikawaone Lachitatu. Tiyeni tikamve kaye. Mukaona kuti n'zopanda pake, mudzanene pambuyo."

A Lajabu anang'ung'udza, koma Lachitatu m'mawa anatulutsa njinga, onse atatu n'kunyamuka.

Atafika, anapeza ana pafupifupi makumi atatu atakhala pamikeka m'chipinda china, aliyense ali ndi tabuleti pamiyendo ndi mahedifoni kumakutu. M'chipindamo munali zii. A Lajabu anaima pakhomo kuonerera. Sanaonepo ana ambiri chonchi atakhala chete popanda munthu wogwira ndodo.

Mphunzitsi wa Sitandade 2, a Helena, anawalandira n'kuwapatsa benchi. Anamuuza Ruqaiya kuti adikire panja pang'ono.

"Mwachita bwino kubwera nonse awiri," anatero a Helena. "Ndiyambe n'kuvomera kulakwa kwanga. M'kalasi mwanga muli ana 126. Ndikaima kutsogolo ndikamati 'nenani nonse', pakamwa pa aliyense pamagwedera. Sindingadziwe amene wamvadi ndi amene akungotsatira anzake. Ruqaiya amakhala kumbuyo, salongolola. Ndinkangoti ndi wamanyazi."

"Si manyazi, madamu. Ndi mwano," anatero a Lajabu.

"Taonani kaye ichi, bambo."

A Helena anatenga tabuleti yawo ya aphunzitsi. Anafotokoza kuti mwana aliyense amalowa ndi dzina lake, ndipo tabuleti imasunga zonse zimene wakhoza ndi zimene walakwa. Anadina dzina la Ruqaiya. Panatuluka mizere iwiri, wina wobiriwira, wina wofiira.

"Wobiriwirawu ndi masamu. Kuwerenga zinthu pachithunzi, kuphatikiza, kuchotsera. Pa ana onse 126, amene amuposa ndi asanu okha."

A Rabia anagwira pakamwa. "Ruqaiya wathu yemweyu?"

"Yemweyo. Tsopano wofiirawu ndi Chichewa. Koma nditauyang'anitsitsa ndinaona chachilendo. Tabuleti ikamuonetsa chilembo kuti apeze chofanana nacho, amakhoza. Ikatchula liwu m'mahedifoni kuti asankhe chilembo chake, amalakwa. Ikati 'pa' iye amadina 'ba'. Ikati 'sa' amadina 'fa'. Zakhala chonchi masabata asanu ndi limodzi. Zoona ndi maso amakhoza, zomva ndi makutu amalakwa. Mwana wamwano salakwa mosankha chonchi."



A Helena anatuluka n'kumulowetsa Ruqaiya. Anamuveka mahedifoni n'kumuyambitsira phunziro la maliwu. Pa mafunso asanu anakhoza limodzi. Kenako mphunzitsiyo anakweza mawu mpaka pamapeto, n'kumukodola kuti ayesenso. Mwanayo anatukula mutu, maso ali tong'o. Anadina. Anakhoza. Anadinanso, n'kukhozanso. Pa mafunso asanu analakwa limodzi lokha, ndipo anayang'ana mayi ake akumwetulira.

"Ine sindine dokotala, tabuletinso si dokotala," anatero a Helena. "Yangondilozera pamene ndiyenera kuyang'ana. Kodi mwanayu anadwalapo makutu?"

A Rabia anaganiza kanthawi. "Ali ndi zaka zinayi anatentha thupi, khutu lamanzere n'kumatuluka mafinya. Ndinkamudonthezera mafuta ophikira. Zitasiya, tinangoti wachira. Nthawi zina zimayambiranso pang'ono."

"Pitani naye kuchipatala, mayi. Musadikire."

Pobwerera, a Lajabu anadzera pamsika. Anali atamukweza Ruqaiya pakaliyala, iwo akukankha njinga. Kenako anaima pansi pa mtengo wa mango.

"Amake Ruqaiya, mwanayu ndamukalipira kangati chifukwa chosayankha? Tsiku lina ndinamukwapula kumene."

"Sitinkadziwa tonse," anayankha a Rabia. "Chachikulu tadziwa lero."

A Lajabu anawerama, n'kuyandikira khutu lamanja la mwanayo. "Mwanangu, undikhululukire. Mawa tipita kuchipatala, wamva?"

Ruqaiya anagwedeza mutu. "Ndamva, ababa."

Mawa lake anapita ku chipatala cha Mbulumbuzi. Dokotala amene anawalandira, a Geoffrey, anaunika makutu onse awiri ndi kachipangizo kowala. Anati khutu lamanja latsekeka ndi phula louma, pamene lamanzere lili ndi chilonda chakale mkati. Anawapatsa mankhwala odonthezera, n'kuwauza kuti abwerenso patatha sabata kuti adzatsuke lamanjalo.

"Ndipo musamalowetse kamtengo ka machesi kapena nthenga m'khutu la mwana," anatero a Geoffrey. "Khutu likamatuluka mafinya, musathiremo mafuta ophikira. Bwerani naye kuno."

Tsiku lotsuka khutu, Ruqaiya atatuluka m'chipatala anaima pakhonde, n'kugwira dzanja la mayi ake mwamphamvu.

"Amayi, bwanji lero anthu akukuwa?"

A Rabia anaseka mpaka misozi. "Sakukuwa, mwanangu. Umu ndi mmene amalankhulira masiku onse."

A Geoffrey anawalembera kalata yoti akapimitse khutu lamanzere ku chipatala chachikulu. Kumeneko anauzidwa kuti chilonda chipola, koma khutulo lizimva pang'ono. A Helena atamva zimenezi anamusamutsira Ruqaiya kutsogolo, mbali imene khutu lamanja likuloza kwa mphunzitsi. Pa tabuleti anamubweza ku phunziro loyamba la maliwu, kuti ayambirenso pa liwiro lake popanda womuseka.

Sizinasinthe tsiku limodzi. Sabata yoyamba mzere uja unali wofiirabe. Koma Lachisanu lililonse a Helena ankatumiza uthenga pafoni ya a Lajabu wonena pamene mwanayo wafika, ndipo iwo ankawerengera akazi awo mokweza. A Rabia ankakhala ndi Ruqaiya madzulo dzuwa lisanalowe, kumulembera "ba" ndi "pa" ndi khala pachikuto cha katoni. Pofika mwezi wachitatu, Ruqaiya ankawerenga chilichonse chimene wachiona: zikwangwani za masitolo, mapaketi a sopo, ngakhale zolemba pamatumba a nandolo. Anthu ankachedwa naye pamsewu.

Kumapeto kwa chaka anakhoza kupita Sitandade 3, ali nambala leveni.

Pa tsiku lotsekera sukulu kunali msonkhano wa makolo. Aphunzitsi aakulu analengeza kuti aphunzitsi onse a makalasi aang'ono agwirizana zoti Lachisanu lililonse azikhala pansi kuyang'ana malipoti a m'matabuleti. Anati mwa njira imeneyi apeza kale ana ena anayi: awiri a vuto la makutu, mmodzi wa maso, ndi mmodzi amene ankajomba tsiku la msika lililonse. Kenako anapempha makolo odzipereka oti azithandiza kusamala sola yotchajira matabuletiwo ndi kupukuta fumbi pamwamba pake.

Woyamba kuimika dzanja anali a Lajabu. Anaimirira, n'kukonza chisoti chawo.

"Anzanga, ambiri mukundidziwa. Ine ndi amene ndinkanena pamsika paja kuti matabuleti ndi zoseweretsa. Ndinatsala pang'ono kumusiyitsa mwana wanga sukulu. Ndinkati ndi wamwano, pomwe mwanayo samamva. Zaka zisanu ndili naye m'nyumba sindinadziwe. Madamu, ndi ana oposa handiredi, sakanadziwa. Tabuleti inasunga zimene ankalakwa, madamu anakhala pansi n'kuziwerenga, ifenso titaitanidwa tinabwera. Chikanasowa chimodzi pamenepa, bwenzi lero mwana wanga akupeta nandolo."

Mayi wina kumbuyo anafunsa kuti, "Ndiye tingowasiyira matabuletiwo aziphunzitsa?"

A Helena anaimirira kuyankha. "Ayi, mayi. Tabuleti siilowa m'malo mwa mphunzitsi kapena kholo. Ntchito yake ndi kutithandiza kuona mwana aliyense payekha, ngakhale m'kalasi lodzaza. Choncho mwana akamalephera, musafulumire kunena kuti ndi waulesi kapena wouma mutu. Bwerani, tiyang'ane limodzi pamene akukanika. Uthenga wa kusukulu ukafika pafoni, uwerengeni, kapena pemphani mnzanu akuwerengereni. Sukulu yabwino imamangidwa ndi zipangizo, aphunzitsi ndi makolo, akagwira ntchito pamodzi."

Makolo anawomba m'manja. Pepala lolemba mayina a odzipereka litafika kwa a Rabia, iwo analipereka kwa Ruqaiya pamodzi ndi cholembera.

"Ndilembere iwe, mwanangu."

Ruqaiya anagwada, n'kutsamiritsa pepalalo pabenchi. Analemba pang'onopang'ono, akutchula liwu lililonse ndi pakamwa: Ra-bi-a.