Kachipangizo ka pamkono pa Malaea

Tausala anatuluka m'chipatala foni ili kukhutu, mapazi osagunda pansi. Anali namwino woyendetsa kafukufuku wa matenda a shuga m'mudzi wina pachilumba cha Savai'i, ndipo zotsatira za magazi zinali zitangofika kumene.

Odwala anawagawa pawiri mwa maere. Ena anawamata pamkono kachipangizo konga batani, kotumiza mlingo wa shuga pafoni nthawi zonse. Enawo anangopitiriza mankhwala awo, kuti pomaliza kusiyana kuoneke.

"Adokotala, shuga watsika," Tausala anauza Dokotala Ngaire, mkulu wa kafukufukuyo, amene anali kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa Auckland. "Watsika kwa onse."

"Ngakhale opanda kachipangizo?"

"Onse ndithu."

Dokotala anati, "Kondwera, mwana wanga, koma ukafufuze chimene chatsitsa shugayo."

Lamlungu, atatuluka m'tchalitchi, Tausala anakadya kwa azakhali ake, Malaea, mmodzi wa ovala kachipangizo, kumene kunasonkhana abale ndi anansi ambiri. Pamkeka panali talo, chakudya chonga chilazi, wothira mkaka wa kokonati, nsomba, mpunga ndi nyama ya m'chitini. Malaea anali atalawa kale mpunga kukhitchini. Anaika foni pakati pa mbale, mitu yonse n'kuweramira pamenepo.

"Taona, Sieni," anatero kwa mng'ono wawo. "Mzere wa shuga wanga ukukwera ngati mnyamata pamtengo wa kokonati. Mpunga wako umenewo."

Sieni, amene maere anamuika m'gulu lopanda kachipangizo, anabweza theka la mpunga wake mumphika. "Iwe ndiye mbuzi yathu yolawira," anatero, anthu n'kufa nazo kuseka.

Atatha kudya, m'malo mogona monga mwa masiku onse, khamu lonse linanyamuka kukayenda mumsewu, abusa ali momwemo. Malaea anali patsogolo, akulengeza mzere ukamatsika, ena akuwomba m'manja. Tausala anawerenga nkhope: pafupifupi gulu lonse lopanda kachipangizo linali pamenepo.

"Azakhali, foniyo ndi yanu nokha," anawanong'oneza. "Tinagwirizana."

"Ndiye ndizidya nzeru ndekha mng'ono wanga akudwala? Maere anuwo sanatigawire mbale."

Tausala anafuna kukwiya, koma ataona Sieni akuyenda chamtunda wopanda wefuwefu, kuseka kunamupulumuka.

Dokotala Ngaire nayenso anaseka atamva, kenako anausa moyo. Popanda kusiyana pakati pa magulu awiriwo, panalibe umboni woti kachipangizoko ndiko kathandiza. Ntchito ya miyezi yambiri inali itapita m'madzi.

"Nanga tikachita maere pa midzi yathunthu?" anafunsa Tausala, mawu akuthamangitsana. "Mudzi uwu onse avale, mudzi wakutali onse adikire. Ndipo tiyesenso magazi a amene amadyera nawo mbale imodzi."

"Chachiwiricho sindinachiganize," anatero dokotala. "Lemba. Komiti yoteteza odwala itizunguza nacho, komabe lemba."

Chilolezo chinachedwa mpaka mvula inayamba n'kutha. Tsiku limene chinatuluka, Tausala anakwera basi yoyamba yozungulira chilumba, kukalankhula ndi makomiti a amayi m'midzi ya kumadzulo. Pamudzi woyamba anapeza amayi atakhala kale m'nyumba ya msonkhano, manja a malaya atapinda mpaka m'mapewa, kudikira kumatidwa kachipangizo. Mbiri inali itafika kale, ndipo Tausala anavutika kuwafotokozera kuti maere anali asanachitike.